Sopo Wochapira Wosavulaza: Mafunso ndi Mayankho pa Kasankhidwe Kake ndi Zolembedwa pa Paketi

Kodi alipo sopo wochapira amene alibiretu choopsa chilichonse?

Palibe. Sopo amene angathe kuchotsa mafuta pa kolala ya malaya angathenso kuchotsa mafuta achibadwa a pakhungu lanu, ndipo akalowa m'diso amawawa, kaya anapangidwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi kapena ku zomera. Mawu ngati "non-toxic", "natural", "green" kapena "hypoallergenic", amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo kwa paketi, m'mayiko ambiri alibe lamulo lonena tanthauzo lake lenileni. Kampani imatha kuwalemba popanda kukapimitsa sopoyo kwa wina aliyense. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo.

Chotheka n'kusankha sopo amene alibe zinthu zosathandiza pochapa koma zodziwika kuti zimavutitsa anthu, kenako n'kumugwiritsa ntchito moyenera. Mavuto ambiri sachokera ku mayina aataliatali ovuta kutchula aja. Amachokera ku fungo lonunkhira, ku mankhwala oteteza sopo wamadzi kuti asawonongeke, ku kuthira sopo wambiri n'kusatsukuluza bwino, ndiponso ku kusiya sopo pamene mwana angafikire.

Mu sopo wochapira mumakhala chiyani kwenikweni?

Ogwira ntchito yaikulu ndi ma surfactant. Kachidutswa kalikonse ka mankhwalawa kali ndi mbali ziwiri, ina yogwirana ndi mafuta, ina yogwirana ndi madzi. Motero amazula litsiro lamafuta pansalu n'kulisiya likuyandama mpaka mutataya madziwo. Pa paketi amalembedwa m'magulu. Gulu la anionic muli linear alkylbenzene sulfonate, sodium lauryl sulfate ndi sodium laureth sulfate. Gulu la nonionic muli alcohol ethoxylates ndi ma glucoside monga decyl glucoside.

Kenako pali mankhwala ofewetsa madzi. Madzi a m'malo ambiri amakhala ndi calcium ndi magnesium wosungunuka kuchokera ku miyala, ndipo ziwirizi zimalanda sopo mphamvu. Zeolite, sodium citrate, sodium carbonate, ma polycarboxylate ndi ma phosphate ntchito yawo n'kugwira calcium ndi magnesium ameneyu kuti ma surfactant agwire ntchito momasuka. Sodium carbonate ndi sodium silicate amachititsanso madzi kukhala aukali, zimene zimathandiza kusungunula mafuta.

Zotsalazo ndi ma enzyme (mankhwala ophwanya litsiro monga la magazi, zakudya ndi mafuta), bulichi wa okosijeni monga sodium percarbonate, mankhwala owalitsa nsalu, fungo, utoto, ndi mankhwala oteteza sopo. Mu sopo waufa mumakhalanso sodium sulfate, amene sachapa chilichonse koma amathandiza kuti ufa usagwirane. Mu sopo wamadzi, malo amenewa amatenga ndi madzi. Pa zonsezi, fungo, utoto ndi zowalitsa nsalu sizichotsa litsiro ngakhale pang'ono.

Ndiwerenge bwanji zolembedwa kumbuyo kwa paketi?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye musadabwe kuona paketi ina italemba zonse pamene ina yangolemba mizere iwiri. Njira imene makampani ambiri amatsatira ndi ya lamulo la European Union la mu 2004, nambala 648/2004. Lamuloli silikakamiza kulemba muyezo weniweni wa chinthu chilichonse. Limati magulu a mankhwala alembedwe m'makwerero anayi: osakwana 5 peresenti, 5 mpaka 15, 15 mpaka 30, ndi 30 kapena kuposa. Koma ma enzyme, fungo, zowalitsa nsalu, zophera majeremusi ndi mankhwala oteteza sopo ziyenera kutchulidwa ngakhale zitakhala zochepa bwanji. Kampani iyeneranso kuika mndandanda wa zinthu zonse pa intaneti, ndipo adiresi yake imalembedwa pa paketi. Ku California, lamulo la mu 2017 linalamula makampani kuulula zimene anaika m'mankhwala oyeretsera, pa intaneti kuyambira 2020 ndi pa paketi kuyambira 2021.

Mukagwira paketi, yambirani kumapeto kwa mndandanda, chifukwa zovutitsa khungu zimakhala zochepa ndipo zimalembedwa komaliza. Fufuzani mawu akuti "parfum", "perfumes" kapena "fragrance". Fufuzani dzina lililonse lothera ndi "isothiazolinone". Onani ngati pali "optical brighteners", "phosphates", kapena nambala ya utoto yoyamba ndi zilembo CI. Mukatero yang'anani zithunzi zochenjeza zokhala m'kabokosi ka mzere wofiira. Chizindikiro cha mfuwu (!) chimatanthauza kuti sopoyo amawawitsa khungu kapena maso. Chithunzi cha madzi akudontha n'kudya dzanja ndi chitsulo chimatanthauza kuti akhoza kuwononga diso kwambiri.

Paketi ikangolemba kuti muli "cleaning agents" basi, ndipo kampaniyo siinena zambiri kwina kulikonse, ife timalangiza kuisiya ngati m'nyumba muli munthu wa khungu lovuta. Simungapewe chinthu chimene simunauzidwe kuti chilimo.

Kodi pali chikalata china chonena zambiri kuposa paketi?

Chilipo, chimatchedwa Safety Data Sheet, ndipo chimakhala ndi zigawo 16. Lembani dzina la sopo ndi mawu amenewa pa intaneti, nthawi zambiri chimapezeka. Chigawo 2 chimanena zoopsa zake, chigawo 3 chimatchula mankhwala oopsa amene alimo ndi kuchuluka kwake, chigawo 4 chimanena chithandizo choyamba, ndipo chigawo 9 chimapereka pH, nambala yosonyeza ukali wa sopoyo. Dziwani kuti chikalatachi chimanena za sopo wosasungunula, wogwiridwa ndi anthu a m'fakitale ndi onyamula katundu. Chenjezo lake limamveka loopsa kuposa mmene zimakhalira pa supuni zingapo zosungunulidwa m'beseni lodzaza madzi.

N'chifukwa chiyani fungo lonunkhira limatchulidwa kwambiri?

Chifukwa mawu amodzi akuti "parfum" amatha kubisa mankhwala makumimakumi, ndipo fungo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimayambitsa kwambiri ziwengo za pakhungu. Chinanso n'chakuti ma surfactant anapangidwa kuti achoke potsukuluza, pamene fungo anapanga dala kuti litsalire. Sopo wina wa masiku ano fungo lake amalikulunga m'timibulu ting'onoting'ono timene timamatirira ku ulusi wa nsalu n'kumaphulika pang'onopang'ono mukavala. Paketi ikalonjeza kuti zovala zidzanunkhira kwa masabata angapo, ikukuuzani kuti mankhwala adzakhala akukhudza khungu lanu kwa masabata angapo.

Lamulo la ku Europe lija limafuna kuti mankhwala a fungo odziwika ndi ziwengo atchulidwe mayina akapitirira 0.01 peresenti. Mayina amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi limonene, linalool, geraniol, citronellol, hexyl cinnamal, eugenol ndi coumarin. Palinso butylphenyl methylpropional, amene European Union inaletsa m'zodzola kuyambira Marichi 2022 chifukwa choopa kuti amasokoneza kubereka.

Ambiri amaganiza kuti mafuta onunkhira ochokera ku zomera ndiwo njira yothawira vutoli. Si choncho. Limonene amapezeka wambiri m'mafuta a makoko a malalanje ndi mandimu, linalool m'mafuta a lavender. Mankhwalawa akakhalitsa n'kukumana ndi mpweya amasintha, ndipo zimene amasandukazo ndizo zimautsa ziwengo kwambiri. Khungu silifunsa kuti limonene wachokera ku mtengo kapena ku fakitale.

Chenjeraninso ndi mawu awiri ofanana. "Fragrance-free" amatanthauza kuti sanathiremo fungo. "Unscented" nthawi zina amatanthauza kuti athiramo fungo lina lophimba kununkha kwa mankhwala kuti mphuno isamve kanthu. Mndandanda wa kumbuyo ndiwo umathetsa mlandu. Kwa anthu a mphumu ndi amene mutu umawawawa akanunkhiza pefyumu, sopo wopanda fungo ndiye woyenera kuyamba naye.

Nanga mankhwala oteteza sopo kuti asawonongeke?

Sopo wamadzi ali ndi madzi ambiri, ndipo pamene pali madzi majeremusi ndi nkhungu zimamera. N'chifukwa chake amathiramo mankhwala oteteza. Otchuka ndi methylisothiazolinone, methylchloroisothiazolinone ndi benzisothiazolinone. Methylisothiazolinone anavutitsa anthu ambiri moti mu 2013 bungwe la American Contact Dermatitis Society linamutchula kuti ndiye choyambitsa ziwengo cha chaka chimenecho, ndipo mu 2017 European Union inamuletsa m'zodzola zimene sizitsukidwa pakhungu. Mu sopo wochapira amaloledwabe, popeza wambiri amapita ndi madzi otsukuluzira. Koma munthu amene thupi lake linadana naye kale, makamaka wochapa ndi manja, amupewe.

Gulu lina ndi la mankhwala amene amatulutsa formaldehyde pang'onopang'ono, monga DMDM hydantoin, bronopol ndi sodium hydroxymethylglycinate. Bungwe la IARC, limene limafufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2004. Umboni wake unachokera makamaka kwa ogwira ntchito amene ankaupuma wambiri kwa zaka. Pa muyezo wa mu sopo, nkhawa yeniyeni ndi ziwengo za pakhungu.

Sopo waufa nthawi zambiri safuna mankhwala amenewa chifukwa ndi wouma. Pachifukwa chomwecho, musamathire madzi m'botolo la sopo wamadzi n'kulisunga kuti achuluke. Mukatero mumafooketsa zoteteza zija ndipo sopoyo amayamba kununkha.

Ndamva za 1,4-dioxane. Bwanji sindimuona pa paketi?

Chifukwa palibe amene amamuthira mwadala. Amabadwa yekha pamene fakitale ikusakaniza ethylene oxide ndi ma surfactant kuti akhale ofatsa pakhungu. IARC inamuika m'gulu 2B, la zinthu zimene zikhoza kuyambitsa khansa kwa anthu. Vuto lake lalikulu lili m'madzi: savunda msanga, amayenda mosavuta m'nthaka, ndipo ndi wovuta kumuchotsa m'madzi akumwa. Boma la New York linaika malire a magawo 2 pa miliyoni m'mankhwala oyeretsera m'nyumba kuyambira kumapeto kwa 2022, kenako gawo 1 pa miliyoni kuyambira kumapeto kwa 2023. Makampani amatha kumuchotsa ndi nthunzi popanga, ndipo ambiri anasintha kapangidwe kawo chifukwa cha lamuloli.

Mayina osonyeza kuti akhoza kupezekamo ndi amene ali ndi "eth" monga laureth ndi pareth, komanso PEG ndi ethoxylate. Apa mpofunika kuganiza mofatsa. Sodium lauryl sulfate sabwera ndi dioxane, koma amaumitsa khungu kuposa sodium laureth sulfate. Ma glucoside nawonso sabwera naye ndipo ndi ofatsa, komabe anthu ena amachita nawo ziwengo, moti mu 2017 bungwe la ku America lija linawatchula kuti ndiwo choyambitsa ziwengo cha chaka chimenecho. Choncho kuona "laureth" pa paketi si chifukwa chotayira sopo. Ndi chifukwa chosankhira kampani imene imanena poyera kuti imayeza dioxane.

Kodi ma enzyme ndi oipa pakhungu?

Mbiri yawo inaipa chifukwa cha zimene zinachitika m'mafakitale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene ogwira ntchito ankapuma fumbi la ma enzyme n'kudwala mphumu. Kuchokera nthawi imeneyo amawakuta m'timibulu tosatulutsa fumbi. Kafukufuku wa madokotala a khungu sanapeze kuti zovala zochapidwa ndi sopo wa ma enzyme zimavulaza khungu kuposa zinzake.

Ntchito yawo ndi yaikulu. Protease amadula magazi, thukuta ndi mkaka, amylase amadula sitalichi, lipase amadula mafuta, ndipo cellulase amasalaza ulusi wa thonje. Chifukwa cha iwo mukhoza kuchapa m'madzi a madigiri 30 kapena 40 ndi sopo wochepa. Madzi akapitirira madigiri 60, ambiri mwa iwo amafa mphamvu. Musawagwiritse ntchito pa ubweya wa nkhosa ndi silika, chifukwa nsalu zimenezi ndi mapuloteni ndipo protease amazidya pang'onopang'ono. Pothira sopo waufa, musaweramire pa paketi kapena kuukhuthula kuchokera m'mwamba.

Zowalitsa nsalu zili ndi vuto?

Sizichapa. Zimamatirira ku nsalu, n'kutenga kuwala kwa ultraviolet kumene maso saona, n'kukubweza ngati kuwala kwa buluu pang'ono, ndipo nsalu yoyera imaoneka yoyera kwambiri. Anthu ochita nazo ziwengo ndi ochepa. Komabe zimatsalira pansalu mwadala, sizivunda msanga m'madzi, ndipo zimafwifwitsa maonekedwe a zovala zakuda. Kuzisiya sikuchepetsa ukhondo.

Ndi zinthu ziti zimene zimawononga mitsinje ndi nyanja?

Choyamba ndi ma phosphate, makamaka sodium tripolyphosphate. Kwa munthu si oopsa kwenikweni, koma m'madzi amakhala feteleza wa ndere. Ndere zikachuluka n'kufa, mabakiteriya oziwoletsa amamaliza okosijeni ndipo nsomba zimafa. Ku United States anawachotsa mu sopo wochapira zovala wa m'nyumba pofika pakati pa zaka za m'ma 1990. European Union inaika malire a magalamu 0.5 a phosphorus pa kuchapa kumodzi kuyambira pa 30 Juni 2013. M'mayiko ena akugwiritsidwabe ntchito, ndiye werengani.

Chachiwiri ndi nonylphenol ethoxylates. Akamavunda amasanduka nonylphenol, amene amakhalitsa m'madzi, amapha zamoyo za m'madzi, ndiponso amasokoneza mahomoni a nsomba. European Union inachepetsa kwambiri kagwiritsidwe ntchito kake kuyambira 2005.

Mawu akuti "biodegradable" amafunanso kuwamvetsa. Lamulo la ku Europe limafuna kuti ma surfactant avunde ndi 60 peresenti m'masiku 28 poyesedwa mu labotale. Izi sizikutanthauza kuti madzi a sopo ndi abwino kuwakhuthulira mumtsinje. Asanavunde amatha kuwononga ziwalo zimene nsomba zimapumira. Madzi ochapira atayidwe panthaka, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, kuti dothi liwasefe. Musamathirire nawo mbewu tsiku ndi tsiku ngati sopoyo ndi waufa, chifukwa sodium wake amaunjikana n'kulimbitsa nthaka.

Wabwino ndi uti: waufa, wamadzi, kapena timapaketi tosungunuka?

Waufa nthawi zambiri amakhala ndi bulichi wa okosijeni, amayeretsa bwino zoyera ndi zamatope, ndipo safuna zoteteza. Kuipa kwake n'kwakuti ndi waukali pamanja, ali ndi fumbi, ndipo m'madzi ozizira amatha kusiya zoyera pansalu. Wamadzi amasungunuka msanga, amachotsa bwino mafuta, ndi wofatsa pamanja, koma amakhala ndi zoteteza ndipo n'zosavuta kumuthira mopitirira.

Timapaketi tosungunuka, timene pa paketi amalemba kuti "pods" kapena "capsules", ndito toopsa kwambiri m'nyumba. Sopo wake ndi wamphamvu kwambiri, mitundu yake ndi yokopa, ndipo kapepala kake ka polyvinyl alcohol kamasungunuka ndi malovu kapena manja onyowa. Mwana akaluma, sopo amathovukira kukhosi kapena m'maso. Ana ena afika pokomoka ndi kulephera kupuma. Kuyambira 2015, European Union imafuna kuti kapepalako kakhale kowawa, kasatulutse sopo kwa masekondi 30 m'madzi, kapirire kukanikizidwa ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 30, ndipo bokosi lake likhale losaonekera m'kati ndi lovuta kutsegula. Ngakhale zili choncho, m'nyumba mmene muli mwana wosakwana zaka 6 kapena wachikulire amene wayamba kuiwalaiwala, tisapezekemo.

Ndithire sopo wochuluka bwanji?

Funso ili ndi lofunika kuposa dzina la sopo. Muyezo wolembedwa pa mapaketi otsatira lamulo la ku Europe umawerengera zovala zouma zolemera makilogalamu 4.5, kapena 2.5 ngati ndi sopo wa nsalu zosalimba. Umasinthanso malinga ndi mtundu wa madzi ndi kuchuluka kwa litsiro. Ngati zovala ndi theka la pamenepo, chepetsani sopo. Chivindikiro cha botolo chili ndi mizere m'kati mwake. Kuchidzaza mpaka pakamwa nthawi zambiri n'kupitirira muyezo.

Thovu si umboni wa ukhondo. M'makina otsegukira kutsogolo, thovu lambiri limalepheretsa zovala kumenyana, ndipo sizichapika bwino. Sopo wotsalira amaumitsa nsalu, amagwira litsiro, amayabwitsa, komanso amaunjikana m'makina n'kuyambitsa nkhungu ndi fungo loipa. Kuti mudziwe ngati mukupitirira, viikani thaulo lochapa kale m'beseni la madzi ofunda oyera n'kulifinya kangapo. Madzi akachita thovu kapena kuterera, chepetsani sopo ndipo onjezerani kutsukuluza kamodzi. Musamapanikize zovala m'makina. Pamwamba pazitsala malo olowa chikhatho choimika. Kamodzi pamwezi yendetsani makina opanda zovala pa madigiri 60.

Kuti mudziwe mtundu wa madzi anu, thirani madzi m'botolo loonekera mpaka gawo limodzi mwa atatu, ikanimo kachidutswa ka sopo wamtanda, mutseke n'kugwedeza. Thovu lambiri pamwamba pa madzi oyera likusonyeza madzi ofewa, ndipo muyezo wotsika ukukwanirani. Thovu lochepa pa madzi otuwa likusonyeza calcium wambiri.

Ndimachapa ndi manja ndipo amauma n'kung'ambika. Nditani?

Kawirikawiri izi si ziwengo. Madzi a sopo waufa pH yake imakhala pakati pa 10 ndi 11, pamene ya khungu ili cha pa 5. Ukali umenewu pamodzi ndi ma surfactant umachotsa mafuta oteteza khungu. Sungunulani ufa wonse musanaike zovala kapena manja, chifukwa timibulu tosasungunuka timakanda khungu. Viikani zovala kwa mphindi 20 mpaka 30 kuti sopo ayambe yekha ntchito, inu mudzangotikita pang'ono. Vulani mphete, popeza sopo amabisala pansi pake. Valani magolovesi aatali, ndipo ngati a labala amakuyabwitsani sankhani a nitrile. Madzi akalowa m'kati mwa golovesi, vulani pomwepo, chifukwa sopo wotsekeredwa pakhungu amawononga kuposa kuchapa opanda golovesi. Mukamaliza sambani m'manja ndi madzi oyera, pukutani, mudzole mafuta opanda fungo monga petroleum jelly.

Ndingadziwe bwanji kuti sopo ndiye akundiyabwitsa?

Onani pamene patuluka ziwengo. Za sopo zimakonda malo amene chovala chimathina ndi kunyowa thukuta: m'chiuno, m'mbali mwa khwapa, m'khosi, kuseri kwa mawondo. Chapaninso zovala, zofunda ndi mathaulo onse ndi sopo wopanda fungo ndi utoto, tsukuluzani kawiri, siyani zofewetsa nsalu, ndipo pitirizani chonchi kwa masabata 2 mpaka 4. Musasinthe sopo wosambira ndi mafuta odzola nthawi yomweyo, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Zikapanda kusintha, mwina sopo analibe mlandu. Ziwengo zenizeni za sopo wochapira n'zosowa kuposa mmene anthu amaganizira. Utoto wa nsalu za polyester, mankhwala a formaldehyde a m'nsalu zosakwinyika, labala wa m'lasitiki ndi nickel wa m'mabatani zonse zimayabwitsa malo omwewo. Mphere nazo zimayabwa kwambiri usiku ndipo zimagwira anthu angapo m'nyumba imodzi. Zimenezi zimafuna mankhwala a kuchipatala. Dokotala wa khungu amatha kumata timankhwala tosiyanasiyana pamsana kwa maola 48, n'kuonanso patapita masiku 2 kapena kuposerapo, kuti apeze dzina lenileni la chimene thupi lanu limadana nacho. Mukalidziwa dzinalo, kuwerenga paketi kumakhala kosavuta.

Kodi khanda limafuna sopo wapadera?

Chithunzi cha khanda pa paketi si umboni. Sopo wambiri wa ana amakhala ndi fungo. Aliyense wopanda fungo ndi utoto, wothiridwa pa muyezo ndi kutsukuluzidwa bwino, ndi wokwanira, ndipo ndi bwino banja lonse ligwiritse ntchito yemweyo popeza khanda limagona pa zovala za olinyamula. Chapani zovala zatsopano musanaliveke. Matewera ansalu muyambe mwawatsuka ndi madzi ozizira, muwachape pa madigiri 60, ndipo musawathire zofewetsa nsalu chifukwa amasiya kumwa mkodzo.

Zofewetsa nsalu n'zofunika?

Ayi. Zimakuta ulusi ndi mankhwala a gulu la cationic amene amatsalira, pamodzi ndi fungo lambiri. Mathaulo amasiya kumwa madzi, zovala zamasewera zimasunga thukuta, ndipo zovala zogonera za ana zopangidwa kuti zisagwire moto msanga zimatha kutaya mphamvu imeneyo. Nsalu zikamauma gwaa, yambani mwachepetsa sopo.

Nanga wodzipangira ndekha kunyumba?

Njira zambiri zofala zimati musakanize sopo wamtanda wopala, sodium carbonate ndi borax. Pali mavuto awiri. Sopo weniweni wa mafuta akakumana ndi calcium amapanga zinyenyeswa zosasungunuka zimene zimamatirira ku nsalu ndi m'makina, ndipo pakapita miyezi zovala zimatuwa n'kumanunkha. Pochapa ndi manja m'madzi ofewa vutoli limachepa. Lachiwiri ndi borax, amene European Union inamuika m'gulu la mankhwala osokoneza kubereka, pamodzi ndi sodium perborate. Kukhala wokumbidwa pansi sikumuchotsera zimenezo.

Kusakaniza viniga ndi soda kumatulutsa thovu looneka lamphamvu, koma ziwirizi zimaphana mphamvu n'kusiya madzi amchere. Ngati mufuna viniga, thirani pang'ono m'madzi omaliza otsukuluzira okha. Chothandizadi pa madontho ndi sodium percarbonate, amene m'madzi amasanduka hydrogen peroxide ndi sodium carbonate. Amafuna madzi ofunda, madigiri 40 kupita m'mwamba. Musamutsekere m'botolo mutamusungunula, chifukwa amatulutsa mpweya ndipo botolo likhoza kuphulika.

Ndi zizindikiro ziti pa paketi zimene ndingakhulupirire?

Zimene zimaperekedwa ndi bungwe lapadera, osati kampani yokha. Blue Angel ya ku Germany inayamba mu 1978, Nordic Swan mu 1989, EU Ecolabel mu 1992, ndipo Safer Choice ya EPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe ku United States, inatenga dzina limeneli mu 2015. Mabungwewa amaunika chinthu chilichonse chimene chili mu sopo ndipo amafuna umboni woti amachapadi. Mayina a zinthu zovomerezedwa amawaika pa intaneti, ndiye mukhoza kutsimikiza. Koma chizindikiro cha zachilengedwe sichitanthauza kuti mulibe fungo. Chithunzi cha tsamba kapena dontho la madzi chojambulidwa ndi kampani sichitsimikiza kanthu.

Ndi zinthu ziti zosayenera kusakaniza?

Bulichi wa klorini, amene pa botolo amalembedwa kuti sodium hypochlorite, asakumane ndi asidi aliyense, kaya viniga, madzi a mandimu kapena mankhwala otsukira chimbudzi. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini umene umawotcha mapapo. Asakumanenso ndi amoniya, chifukwa zimatulutsa chloramine. Mkodzo nawo umachita chimodzimodzi, ndiye matewera ndi zofunda zokodzeredwa muzitsuke kaye musanaziviike mu bulichi. Mukamva fungo lotsamwitsa ndi maso kuwawa, tulukani panja msanga, musiye zitseko zotsegula.

Mwana akamwa sopo kapena akamulowa m'maso, ndichite chiyani?

Akameza, chotsani zotsala m'kamwa, mupukute ndi kansalu konyowa, mumupatse madzi pang'ono ngati ali maso ndipo akutha kumeza. Musamusanzitse, chifukwa thovu likhoza kulowa m'mapapo. Imbirani achipatala kapena pitani naye, mutatenga paketi ya sopoyo. Ngati akutsokomola, akupuma movutikira, akuwodzera, akutuluka dovu kapena akusanza mobwereza, kapena ngati chimene waluma ndi kapaketi kosungunuka, thamangirani kuchipatala osadikira.

M'maso, tsirani madzi oyera oyenda pang'onopang'ono kwa mphindi 15 mpaka 20, mutatsegula chikope ndi zala, madzi akuyenda kuchokera kumphuno kupita kukhutu kuti asalowe m'diso linalo. Musalole kuti atikite. Diso likapitiriza kufiira, kuwawa kapena kusaona bwino, akaonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo. Pakhungu, muvuleni chovala chonyowacho n'kumutsuka ndi madzi ambiri. Sopo wotsalayo asungidwe m'paketi yake yomwe, yotseka bwino, pamalo okwera kapena m'kabati yokhoma, osati m'botolo la chakumwa kapena m'chitini chopanda dzina, ndipo beseni loviikamo zovala lisasiyidwe pansi pamene mwana wokwawa angafike.